Kodi munthu angadyere cholembera osataya chimwemwe cha kulemba?

Mlembi Wotopa:

Anzanga nonse pa gulu lino, ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osayankhapo kanthu, koma lero ndaganiza zotula nkhawa yanga kuti mundigawireko nzeru. Papita zaka 6 chisiyireni ntchito ya mu ofesi n'kuyamba kudalira kulemba basi. Ndimalemba nkhani za m'magazini, malipoti a mabungwe, timabuku tofotokoza katundu wa makampani, ndiponso nthawi zina zolankhula za anthu amene amakaima kutsogolo n'kuomberedwa m'manja chifukwa cha mawu amene ine ndinachezera nawo usiku wonse. Sindikudandaula za njala ayi, pakuti ana akudya ndipo lendi ikulipidwa, ngakhale kuti miyezi ina imalipidwa mochedwa.

Chimene chandipweteka mtima ndi china. Sabata yatha ndinatsegula fayilo ya buku langa la nthano, buku lomwe ndinasiyira ntchito kuti ndilimalize, ndipo kompyuta inandionetsa kuti ndinalikhudza komaliza miyezi 14 yapitayo. Nditapita pa tsamba lomaliza ndinapeza kuti chiganizo chinathera panjira, pa mawu akuti "atatsegula chitseko anaona". Ndayesetsa kukumbukira chimene munthu wa m'nthanoyo anayenera kuona, koma chinandithawa kotheratu.

Tsiku lomwelo m'mawa ndinali nditalemba imelo yachinayi kwa kampani ina imene ndinaigwirira ntchito miyezi inayi yapitayo, yowakumbutsa za malipiro anga. Ndinatha pafupifupi ola lathunthu ndikusankha mawu kuti imeloyo isamveke yamwano komanso isamveke ngati ya munthu wopemphetsa, moti luso langa lonse la tsiku limenelo linathera pa kalata yolondola ngongole. Tsono ndikufunsa inu amene mwayenda njirayi nthawi yaitali: kodi n'zotheka kudyera cholembera popanda kupha chimene chinatichititsa kuti tiyambe kulemba, kapena ndingobwerera ku ofesi n'kumalemba madzulo monga kale?

Mkonzi Wakale:

Mayi, zikomo polankhula mosabisa, pakuti ambiri a ife timaonetsa nkhope ya munthu wokhutira pamene mumtima muli zomwezo. Ine ndinagwira ntchito ya ukonzi zaka 31, ndipo alembi amene zolemba zawo zinadutsa pa desiki yanga anali a mitundu iwiri: ena ankadikira tsiku loti adzapeze mpata, ena ankauba mpatawo. Ambiri a gulu loyambalo akudikirabe, ndipo ena tinakawaika m'manda ali chidikirire.

Ndikupatseni chitsanzo cha Anthony Trollope wa ku England, amene anagwira ntchito ku positi ofesi kuyambira 1834 mpaka 1867, koma m'moyo wake analemba mabuku a nthano zazitali okwana 47. Ankakhala pa tebulo nthawi ya 5:30 m'mawa, wotchi ali nayo patsogolo, ndipo ankadzilamula kuti alembe mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse kufikira nthawi yokonzekera kupita ku ntchito. Zimenezi anazifotokoza yekha m'buku la mbiri ya moyo wake limene linatuluka mu 1883, iye atamwalira kale, ndipo ena anakhumudwa kumva kuti mabuku amene ankawakonda analembedwa poyang'ana wotchi ngati ntchito ya m'fakitale. Ine sindikunena kuti muyeso wakewo ndi wa aliyense, pakuti inenso sindinaufikepo ngakhale tsiku limodzi. Chimene ndikufuna muone ndi momwe ankagawira tsiku lake. Ntchito ya pamtima pake ankaipatsa mutu wa m'mawa, usanalowe phokoso la munthu wina aliyense, ndipo mabwana ake ankalandira wotsalawo. Inu mwatembenuza zinthu, chifukwa makasitomala mukuwapatsa maola amene mutu uli bwinobwino, pamene buku lanu mukulisungira makombo a usiku, ndipo pofika usiku makombowo sapezekanso.

Toni Morrison, mlembi wa ku America, nayenso anali mkonzi ku kampani yosindikiza mabuku ya Random House, akulera yekha ana aamuna awiri, ndipo anazolowera kulemba kusanache popeza inali nthawi yokhayo imene anawo sankamufuna. Buku lake loyamba linatuluka mu 1970 ali ndi zaka 39, ndipo mu 1993 analandira mphoto ya Nobel. Musafulumire kunena kuti nthawi yakutherani.

Za chitseko chija musadandaule nazo. Munthu wanuyo akadzachitsegulanso adzaona chinthu china, ndipo mwina chidzaposa chimene munaiwalacho.

Womasulira Mabuku:

Bambo Mkonzi, mawu anu ndi omveka, koma mundilole ndiwonjezere mbali imene anthu a malipiro a pamwezi saiona msanga. Trollope ankadzuka mtima uli m'malo chifukwa ankadziwa tsiku lolandira. Munthu amene wagona akuwerengera ngongole zake ndi ndalama zimene anthu akumukaniza sangadzuke m'mamawa n'kuyamba kuganiza za chitseko cha m'nthano. Ine ndikuona kuti vuto la achemwali athuwa layambira pa imelo yachinayi ija, osati pa wotchi.

Ndinavutika chimodzimodzi zaka zanga zoyamba, kufikira nditaphunzira kuti mlembi wodziimira payekha ali ndi ntchito ziwiri, yolemba ndi yamalonda, ndipo yachiwiriyi ikapanda malamulo imameza yoyambayo. Masiku ano sindiyamba ntchito ya munthu watsopano asanapereke theka la malipiro. Ena amakwiya n'kuchoka, koma ndinaona kuti amene amakana kupereka theka poyamba ndi omwewo amene amadzakusowetsa mtendere pomaliza. Pa mgwirizano timalembanso tsiku lenileni lolipira, kawirikawiri pasanathe masiku 30 chiperekereni ntchito, komanso ndalama imene adzandipatse ngati asintha maganizo ntchito ili pakati.

Chinthu chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi mawu akuti "mungokonzako pang'ono". Bungwe lina linandibwezera lipoti limodzi maulendo 7, ulendo uliwonse ndi mawu omwewo, chifukwa bwana aliyense amene lipotilo linamufika ankafuna kusiyapo chizindikiro chake. Pa ulendo womaliza anandiuza kuti ndibwezeretse ndime yoyamba monga momwe inalili poyambirira. Kuyambira pamenepo ndimalemba pa mgwirizano kuti kukonza n'kawiri kokha, ndipo kachitatu kali ndi mtengo wake. N'zodabwitsa kuona momwe anthu amagwirizanirana msanga akadziwa kuti kusagwirizana kwawo kuwadyera ndalama.

Achemwali, kalata yolondola ngongoleyo muilembe kamodzi kokha, mwaulemu ndiponso mwachidule, muisunge, ndipo tsiku lililonse likakwana muzingosintha dzina ndi deti. Sikalata yofunika luso lanu. Komanso akakuuzani kuti ndalama palibe koma dzina lanu litchuka, muwayankhe mofatsa kuti mwininyumba salandira kutchuka.

Wandakatulo:

Ine ndikusiyana nanu nonse awiri, ndipo mundikhululukire ngati ndilankhule mowawa. Vuto si nthawi kapena mgwirizano, koma khutu. Munthu amene wathera tsiku lonse akulemba ziganizo zonga "pofuna kupititsa patsogolo ntchito zotukula miyoyo ya anthu" sangayembekezere kuti madzulo khutu lake limve kusiyana kwa mawu amoyo ndi mawu akufa. Ndinayesapo kulemba zamalonda kwa zaka ziwiri, ndipo tsiku lina ndinapeza kuti m'ndakatulo yolira mayi anga ndalembamo mawu oti "mwapadera". Ndinachita manyazi, ndipo mwezi wotsatira ndinakafuna ntchito yowerengera katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, kumene palibe amene amandifunsa chiganizo. Mapanga awiri avumbwitsa.

Franz Kafka anagwira ntchito ku bungwe la inshulansi ya ngozi za ogwira ntchito ku Prague kuyambira 1908 mpaka 1922, ndipo nthano zake ankalemba usiku. Ina mwa nthano zake zodziwika anailemba usiku umodzi wokha mu September 1912, kuyambira madzulo mpaka kunja kutayera. Sanadyere zolemba zakezo, koma lero dziko lonse likumuwerenga. Malangizo anga kwa achemwali ndi akuti abwerere ku ofesi, makamaka ku ntchito imene sifuna mawu, kuti cholembera chikhale chaufulu.

Mkonzi Wakale:

Achimwene a ndakatulo, chitsanzo chanucho chili ndi minga. Kafka yemweyo masana ankalemba malipoti a ngozi za m'mafakitale, kutanthauza kuti nayenso ankadyera mawu ouma, ndipo khutu lake silinafe. Komanso m'makalata ake anadandaula kwambiri kuti ofesi ikumulanda mphamvu, ndipo atamwalira mu 1924 anasiya mabuku ake akuluakulu atatu osamaliza, atapempha mnzake Max Brod kuti awatenthe. Sindingamuuze mayi wa ana kuti atsanzire moyo umenewo. Komabe pa nkhani ya khutu mwanena zoona pang'ono, ndipo mankhwala ake amene ine ndikuwadziwa ndi kuwerenga mokweza tsamba limodzi la mlembi wabwino musanayambe zanu, monga momwe woimba amayambira wachuna gitala.

Wolemba Masewero a pa Wailesi:

Ndakhala ndikuseka ndekha powerenga za ufulu wa cholembera, chifukwa ine ndikapatsidwa ufulu sindilemba kanthu. Kwa zaka 9 ndakhala ndikupereka gawo limodzi la sewero sabata iliyonse, ndipo ochita sewerolo amafika ku situdiyo tsiku lawo kaya ine ndili ndi maganizo kaya ndilibe. Tsiku loperekera ntchito ndimalitukwana sabata iliyonse, komabe ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti zonse zabwino zimene ndalembapo zinatuluka chifukwa cha ilo. Sewero limene ndinati ndidzalemba mwakachetechete, popanda wondithamangitsa, lili ndi masamba 11 kuyambira kalekale. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nkhani ya Fyodor Dostoevsky, mlembi wa ku Russia, imandilimbitsa mtima ndikapanikizika. Chifukwa cha ngongole, iye anasaina mgwirizano woopsa ndi wosindikiza mabuku wina dzina lake Stellovsky, wakuti akalephera kupereka buku latsopano pofika pa 1 November 1866, wosindikizayo adzakhala ndi ufulu wosindikiza zolemba zake kwa zaka 9 osamulipira kanthu. Mwezi wa October utayamba anali asanalembe bukulo, chifukwa anali wotanganidwa ndi buku lina limene linkatuluka m'magazini mwezi ndi mwezi. Anzake anamulangiza kuti apeze munthu wodziwa kulemba mwachidule mawu a munthu akamalankhula, ndipo kunabwera mtsikana wa zaka 20, Anna Snitkina. Iye ankalankhula, mtsikanayo n'kumalemba, usiku n'kumakakopera bwino kunyumba, ndipo buku la The Gambler linatha m'masiku 26. Monga momwe Anna anadzafotokozera pambuyo pake, wosindikiza uja sanapezeke pa tsiku lolandira, moti zolembazo anakazisiya ku polisi kuti apatsidwe lisiti losonyeza kuti zafika pa nthawi yake. Chaka chotsatira awiriwa anakwatirana.

Sindikulonjeza aliyense ukwati, koma ndikuti achemwali athu buku lawo lagona miyezi 14 chifukwa ndi ntchito yokhayo pa desiki yawo imene ilibe woidikira. Makasitomala onse ali ndi tsiku lawo, bukulo lokha ndilo lamasiye. Pezani munthu mmodzi wouma mtima amene muzimutumizira masamba asanu Lachisanu lililonse, ndipo akhale munthu woti mukalephera muchite naye manyazi.

Mayi wa Mabuku a Ana:

Nkhani ya Dostoevsky ija ndi yokoma, koma ine chimene ndatolapo ndi mgwirizano umene anasaina ali ndi njala. Misampha yotere ikadalipo, kungoti masiku ano imalembedwa ndi mawu aulemu. Popeza achemwali athu akulakalaka kumaliza buku, ndi bwino adziwiretu momwe ndalama za buku zimayendera, kuti asadzakhumudwe kawiri.

Wosindikiza akalandira buku lanu, nthawi zina amakupatsani adivansi, ndipo alembi atsopano ambiri amaiyesa mphatso. Imeneyo ndi ndalama yanu yomwe ya m'tsogolo. Pa buku lililonse logulidwa mlembi amakhala ndi gawo lake, limene kawirikawiri limakhala pafupi ndi magawo 10 pa 100 alionse kapena kucheperapo, ndipo simulandiranso kanthu kufikira magawo anuwo atabweza adivansi yonse. Mabuku ambiri safika n'komwe pamenepo. Muyang'anitsitsenso ngati gawo lanulo likuwerengedwa pa mtengo wolembedwa pa chikuto kapena pa ndalama imene wosindikiza walandira atachotsera ogulitsa, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu, popeza ogulitsa mabuku amatenga gawo lalikulu ndithu. Ife olemba mabuku a ana timagawananso kagawo kathuko ndi wojambula zithunzi, ndipo n'koyenera kutero, pakuti mwana amayamba waona chithunzi asanawerenge liwu.

Chachiwiri ndi umwini wa zolemba. Pangano la ku Berne, limene linayamba mu 1886 ndipo mayiko ambiri analisaina, limati zolemba za munthu zitetezedwe moyo wake wonse ndi zaka zina zosachepera 50 atamwalira. Choncho mukasaina chiganizo chimodzi chopereka umwini wonse, mwapereka ndi cholowa cha adzukulu anu. Ine ndinachita zimenezi pa buku langa loyamba chifukwa cha chisangalalo choona dzina langa pa chikuto, ndipo bukulo lasindikizidwa kangapo koma ine ndinalandira kamodzi kokha. Safunsa anadya phula. Lero ndimapereka chilolezo cha zaka zowerengeka, ndipo ndimaonetsetsa kuti palembedwe zoti bukulo likasiya kusindikizidwa umwini ubwerere kwa ine. M'mayiko ena mlembi amalipidwanso buku lake likabwerekedwa ku laibulale, njira imene dziko la Denmark linayamba mu 1946, choncho ndi bwino kufunsa bungwe la alembi kumene muli ngati zoterezi ziliko.

Mwina mukudabwa kuti nanga ndikupitirizabe chifukwa chiyani. Tsiku lina ndili pa mzere wodikira dokotala ndinaona kamtsikana kakuwerengera mng'ono wake buku langa lomwe lija ndinaberedwa nzeru, chikuto chitathothoka, masamba atamatidwa ndi tepi. Kanafika pa tsamba limene ndinalilemba maulendo osawerengeka, kanasintha mawu n'kuyamba kulankhula ngati kamba wa m'nthanoyo, ndipo mng'ono wakeyo anaseka mpaka kutsamwa, pa malo enieni amene ine ndinafuna kuti mwana aseke. Sindinawauze kuti ndine ndani. Ndinangokhala pamenepo mpaka dzina langa linaitanidwa kawiri ndisanamve.

Womasulira Mabuku:

Mayi, nkhani yanu yandigwira mtima. Ife omasulira ngakhale chimwemwe chotero sitichipeza kawirikawiri, chifukwa ntchito yathu ikachitika bwino owerenga amayamikira mwini buku, ndipo ikalakwika m'pamene amakumbukira kuti panali womasulira. Chimwemwe changa ndi chaching'ono kwambiri: liwu limene ndalisaka masiku atatu limabwera lokha ndikuchapa zovala, ndipo ndimathamanga ndi manja a thovu kukalilemba lisanathawe.

Mlembi Wachinyamata:

Akuluakulu, ine ndangoyamba chaka chathachi, ndipo ndikuwerenga zonsezi ndi mantha ena amene simunawatchule. Makasitomala awiri andiuza kale kuti safunanso mlembi chifukwa makina a AI, mapulogalamu a kompyuta amene amatha kulemba okha, akuwalembera m'kanthawi kochepa, ndipo wachitatu wanditumizira zimene makinawo alemba kuti ndingozisalaza pa theka la mtengo. Nditayamba kusalazako ndinapeza kuti ziganizo zake n'zosalala kale koma sizikunena kanthu, ndipo panali mfundo ziwiri zabodza zimene ndinatha maola ndikuzifufuza. Ntchitoyo inanditengera nthawi yofanana ndi kulemba kuyambira pachiyambi. Kodi ndapalasira bwato ku doko limene likutsekedwa?

Wolemba Masewero a pa Wailesi:

Mng'ono wanga, mantha akowo si a iwe wekha. Mu 2023 alembi a mafilimu ndi masewero a pa TV ku America, kudzera m'bungwe lawo la Writers Guild of America, ananyanyala ntchito masiku 148, kuyambira mu May mpaka mu September, ndipo nkhani ya AI inali imodzi mwa zimene ankalimbirana. Pa mgwirizano umene anamvana, zinalembedwa kuti makinawo sangatchedwe mlembi, ndiponso kuti kampani singakakamize mlembi kuwagwiritsa ntchito. Anakwanitsa zimenezo chifukwa anaima pamodzi, pamene ife odziimira patokha aliyense amalira m'chipinda chake, ndipo wina akakana mtengo wachipongwe mnzake amaulandira madzulo omwewo.

Za m'tsogolo sindikulosera. Koma pa ntchito yosalazayo, uwauze kuti umalipiritsa potengera maola, osati potengera kuti mawuwo anayamba kulembedwa ndi ndani. Ndiponso uyang'ane ntchito zimene zimafuna kuti munthu apite yekha, akhale pansi ndi anthu, afunse funso lachiwiri pamene loyamba layankhidwa mozemba, ndipo aone kuti wolankhulayo manja akunjenjemera. Zimenezo sizipezeka pa intaneti kufikira wina atazilemba.

Wandakatulo:

Apa ndiye mwanditsimikizira mfundo yanga osadziwa. Zolemba zimene makina akulanda ndi zomwe zija ndinati zimapha khutu, ndipo mwina n'chifukwa chakuti ifeyo tinayamba kale kuzilemba ngati makina. Koma ndivomere chinthu chimodzi, kuti mawu a Bambo Mkonzi asaoneke ngati apita pachabe: chibwerereni ku ntchito yowerengera katundu, ndakatulo zanga n'zoyera koma n'zochepa, ndipo chaka chatha ndinamaliza zinayi zokha. Pamene ndinkalemba zamalonda dzanja linali lofewa, ndipo sindinkaopa pepala loyera monga ndikuliopera lero.

Mkonzi Wakale:

Kuvomera kotere n'kosowa pakati pa alembi, achimwene, ndipo ndakulemekezani. Ntchito ya ganyu imaphunzitsa zinthu zimene sukulu siphunzitsa: kudula mawu 800 kuti akwane 500 popanda kutaya mfundo, kuyamba nkhani pamene yayambiradi osati ndime zitatu m'mbuyo, ndi kulandira cholembera chofiira cha mkonzi osadwala nacho sabata yathunthu. Ndikudziwa kuti akonzife mumatida. Mnyamata wina anandilembera kalata ya masamba atatu yoteteza ndime imodzi imene ndinaichotsa, ndipo kalatayo inali yamoyo kuposa nkhani yake yonse, chifukwa poilemba anali atakwiya ndipo anaiwala zodzionetsa kuti ndi wophunzira. Ndinamuyankha kuti alembenso nkhaniyo ndi liwu la m'kalatamo. Sanandilankhule mwezi wathunthu, kenako anatumiza nkhani yabwino koposa zonse zimene ndinasindikiza chaka chimenecho. Komabe sindibisa kuti akonzi ena amadula pongofuna kuonetsa kuti ali ndi lumo, ndipo inenso pa unyamata wanga ndinawonongapo ntchito za anthu mwanjira imeneyo.

Ndikumbutsenso kanthu kakang'ono, popeza Mayi atchula fayilo imene yagona miyezi 14 pa kompyuta imodzi. Chinua Achebe, akugwira ntchito ku wailesi ku Nigeria, anatumiza ku London kope lokhalo la buku lake loyamba, lolembedwa pamanja, kuti akalitayipe. Kunali zii kwa miyezi yambiri, kufikira mkulu wake wa pa ntchito, Angela Beattie, atapita ku London n'kukawafunsa maso ndi maso. Bukulo, Things Fall Apart, linatuluka mu 1958, koma likanatha kutayika kotheratu. Mayi, musanagone lero, dzitumizireni fayiloyo pa imelo.

Womasulira Mabuku:

Pali mbali inanso imene ife olemba m'zilankhulo za owerenga ochepa timaisenza mwakachetechete. Ukalemba m'chilankhulo cha makolo ako, mawu amabwera ndi fungo lawo, koma ogula ndi ochepa ndipo osindikiza amazengereza. Ukalemba m'chilankhulo cha msika waukulu, mwayi wa ndalama umakula, koma anthu amene ukuwalembawo mwina sadzawerenga zimene wanena za iwo. Ngũgĩ wa Thiong'o anasankha ali pa malo ovuta kwambiri: atatsekeredwa m'ndende ya Kamiti ku Kenya kumapeto kwa 1977 popanda kuzengedwa mlandu, analemba buku lathunthu la nthano m'Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi, ndipo linasindikizidwa mu 1980. Sinditchula zimenezi pofuna kuchititsa manyazi munthu amene watopa, pakuti kutopa ndi ngongole n'kutopa ndithu. Ndimangozikumbukira ine mwini tsiku limene ndikudziuza kuti sindingalembe chifukwa mpando ndi wolimba kapena oyandikana nawo akusokosera.

Mlembi Wotopa:

Anzanga, ndakhala chete masiku 9 chifukwa ndinafuna ndiyambe ndayesa zimene munanena ndisanabwere kudzathokoza. Fayilo ija ndinadzitumizira usiku womwewo, Bambo Mkonzi, ndipo ndinaisunganso pa kafulashi. Kampani ija ndinaitumizira kalata ya mizere inayi yokha, yotchula ntchito, ndalama ndi tsiku, monga anandilangizira achimwene omasulira. Sanayankhe mawu alionse, koma patapita masiku asanu theka la ndalamazo linalowa, ndipo kalata yomweyo ndaitumizanso dzulo nditangosintha nambala. Kasitomala wina watsopano nditamuuza za theka loyamba anati aganizire kaye, ndipo mpaka lero akuganizabe. Zinandiwawa usiku umodzi wokha.

Ku ofesi sindibwerera pakali pano, achimwene a ndakatulo, ngakhale kuti mawu anu a khutu akhala akundisautsa, moti ndinapeza "mwapadera" katatu m'mutu wachiwiri wa buku langa ndipo ndinawachotsa onse. Ndayamba kudzuka 4:30. Masiku awiri ndinalephera chifukwa mwana anadwala, tsiku lina ndinangokhala n'kumayang'ana khoma, koma masiku otsalawo ndinalemba, ndipo lero m'mawa anakwana mawu 312, amene pafupifupi theka lake ndikudziwa kale kuti ndidzawafufuta. Munthu wanga uja watsegula chitseko. Sanapeze munthu m'chipindamo, anangopeza nsapato za bambo ake zitaikidwa bwinobwino pansi pa mpando, ndipo ine ndemwe sindikudziwa kuti anaziika pamenepo ndani.

Chatsala ndi munthu wouma mtima wolandira masamba asanu Lachisanu lililonse. Bambo Mkonzi, ndikudziwa kuti munapuma pa ntchito, koma kodi cholembera chofiira chija chikadali ndi inki?

Mkonzi Wakale:

Inki ilimo, Mayi. Tumizani Lachisanu isanakwane 6 koloko madzulo, masamba asanu osapitirira, mizere yotalikirana kuti ndipeze polemba. Musatumize ndi mawu opepesa kapena ofotokoza chimene munafuna kunena, chifukwa amenewo sindiwerenga. Ndipo za nsapatozo musandiuze kanthu, ndikufuna ndikazipeze ndekha pa tsambalo.